Za Okalamba Omuka Kukapuma m'Dziko la Eni

Ena mwa akuru athu aitanidwa ndi ana ao kutsidya la nyanja, kuti akapume kumeneko. Tikumbuke atumiki awiri. Dotolo Robert Laws anagwira nchito m'dziko lino zaka 52. Anacoka m'caka ca 1927, nakakhala ku Scotland, nalemba buku la Livingstonia, namwalira ku London m'1934. Koma W. P. Johnson anakalambira kunyanja, nagona ku Liuli m'1928, pakati pa anthu amene anawaphunzitsa. Onse awiri anatsiriza bwino. Cifukwa cace wofuna kumuka asayambe wafunsa za kukoma kwa nyumba. Afunse ngati adzapezako wakuceza naye m'cinenero cace, nchito yoyenera manja okalamba, ndi abale akumuika m'manda.