Mukauzidwa Kuti Shuga Wakwera M'magazi Mwanu

Tisanayambe kukweza ana pa sikelo, ndikupemphani kuti mutchere khutu, pakuti nkhani ya lero ikhudza inu eni ake. Mwana sangakule bwino ngati mayi wake ali wofooka.

Ena mwa inu munauzidwapo kuti mubwere m'mawa musanadye kanthu kuti akuyezeni magazi. Atakubayani pachala, anamwino analemba nambala m'kabuku kanu ka kuchipatala nanena kuti, "Mayi, shuga wanu wakwera, mudzabwerenso." Ndidziwa kuti mawu otere amadula miyendo. Wina amapita kwawo akulira, poganiza kuti imfa yafika. Wina amabisa kabukuko pansi pa mphasa, osabweranso. Onse awiriwa alakwitsa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Poyamba timvetse chimene chimayezedwa. Nsima, mbatata, chinangwa ndi mpunga zikagayika m'mimba zimasanduka shuga, amene amalowa m'magazi kukapatsa thupi mphamvu. Kuseri kwa chifu kuli chiwalo chotchedwa kapamba, chimene chimatulutsa insulini. Ntchito ya insulini ndiyo kutsekula khomo kuti shuga achoke m'magazi ndi kulowa m'minofu. Insulini akachepa, kapena thupi likaleka kumumvera, shuga amangounjikana m'magazi. Awa ndiwo matenda a shuga. Sabwera ndi ufiti, ndiponso sapatsirana podyera mbale imodzi.

Timayeza munthu atakhala maola 8 osadya kapena kumwa china chilichonse kupatula madzi. Nambala ikakhala yochepera 6.1, zinthu zili bwino. Ikakhala pakati pa 6.1 ndi 6.9, ndiye chenjezo lakuti matenda ali pakhomo, koma sanalowe. Ikafika 7.0 kapena kupitirira, adokotala amaganizira matenda a shuga. Makina ena amawerenga mwa njira ina, ndipo m'malo mwa 7.0 amalemba 126. Muyeso wake ndi umodzimodzi. Kwa mayi woyembekezera malire ake ndi otsikirapo: kuyambira 5.1 amafunika chisamaliro chapadera.

Tsono imvani ichi: kuyeza kamodzi sikumaliza mlandu. Mwina munamwa tiyi wa shuga m'mamawa n'kuchita manyazi kunena. Mwina m'zala munali madzi a mango kapena a nzimbe. Kutentha thupi, nkhawa yaikulu ndi mankhwala ena monga prednisolone zimakwezanso shuga kwa kanthawi. N'chifukwa chake munthu amene alibe zizindikiro amayezedwa kachiwiri tsiku lina asanauzidwe kuti ali ndi matendawa. Podikira tsikulo musadzimane chakudya pofuna kunyenga makina, chifukwa mudzakhala mukudzinyenga nokha. Idyani monga mwa masiku onse, sambani m'manja, ndipo nenani zoona kwa anamwino.

Koma pali zizindikiro zosafunika kudikira nazo tsiku lolembedwa m'kabuku: ludzu losatha, kukodza pafupipafupi makamaka usiku, kuonda pamene mukudya bwino, kutopa, kuona mwachimbuuzi, zilonda zosapola msanga, ndi kuyabwa kumaliseche kobwerezabwereza. Ena amaona nyerere zikusonkhana pamene akodza. Munthu akayamba kusanza, kupuma mwabefu kapena kuodzera mosadziwika bwino, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Ana nawonso amadwala shuga. Mwana amene analeka kukodza pogona akayambiranso, namamwa madzi kwambiri ndi kuonda, mubwere naye tsiku lomwelo.

Nanga kuyeza kwachiwiri kukatsimikiza, muchite chiyani? Dziwani kuti simuli nokha. Kafukufuku wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti m'Malawi muno pafupifupi anthu 6 mwa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga wokwera. Kale ana odwala shuga sankakhala moyo nthawi yaitali, koma m'chaka cha 1921 Frederick Banting ndi Charles Best anapeza insulini ku Toronto, m'dziko la Canada. Lero munthu wosamala amalima, amabereka, nalera zidzukulu zake. Matendawa sachizika ndi mankhwala a masiku ochepa monga malungo, koma amaweteka.

Kuweta kwake kumayambira kukhitchini. Sitikuti muleke nsima, ayi. Phikani ya mgaiwa m'malo mwa ya ufa woyera, ndipo mtanda wanu ukhale waukulu ngati chibakera chanu. Theka la mbale likhale ndiwo zamasamba monga bonongwe, chisoso, nkhwani, mpiru kapena therere, ndipo pambali pakhale nyemba, nandolo, usipa kapena dzira. Lekani kuthira shuga mu tiyi ndi m'phala. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, thobwa wothira shuga, uchi, nzimbe ndi mandasi zikhale kutali nanu. Chepetsani mchere ndi mafuta. Idyani katatu pa tsiku pa nthawi yake, osati kusala usana wonse n'kudzakhuta usiku. Chakudya chimenechi n'choyenera banja lonse, choncho palibe chifukwa chophikira miphika iwiri. Yendani ndawala kwa mphindi 30 masiku ambiri a pa sabata. Kulima ndi kusinja nazonso zimathandiza.

Adokotala akakupatsani mapiritsi monga metformin, kapena jakisoni wa insulini, musaleke poona kuti mwapeza bwino. Musasinthanitse mankhwala a kuchipatala ndi zitsamba za pamsika, ngakhale wogulitsa atalumbira motani. Ngati muli pa insulini kapena glibenclamide, shuga angathe kutsika kwambiri mukachedwa kudya: mudzanjenjemera, kutuluka thukuta ndi kumva chizungulire. Pamenepo imwani madzi osungunuliramo masupuni aang'ono atatu a shuga, kenaka mudye chakudya. Uzani abambo a kunyumba ndi ana okulirapo za ichi, kuti adziwe chochita inu mutafooka.

Samalani mapazi, pakuti shuga wokhalitsa amachititsa dzanzi, ndipo munga ungakulaseni osamva. Muziwayang'ana tsiku lililonse, osayenda opanda nsapato, osawayandikiza pamoto. Pemphaninso kuti azikuyezani maso, impso ndi kuthamanga kwa magazi.

Inu oyamwitsa, pitirizani kuyamwitsa. Mkaka wanu sungampatse mwana matendawa. Inu amene shuga anakwera muli ndi pakati, kapena munabereka mwana wopitirira makilogalamu 4, kayezetseni pakatha masabata 6 mutachira, ndipo muzibwereza monga adokotala akuuzireni. Amene muli ndi shuga ndipo mufuna mwana wina, yambani mwaonana ndi adokotala musanaime, kuti mwanayo adzakule bwino m'mimba.

Amayi, ngati m'kabuku kanu muli nambala imene yakhala ikukusowetsani tulo, musapite nayo kwanu lero. Tikatha kukweza ana, tsalirani tiione pamodzi ndi kupangana tsiku loyezanso. Safunsa anadya phula.