Chotupa cha Pakhosi: Tiyambe Tachidziwa Tisanachiwotche

Gogo Chalo Nankumba, a Gulupu a Chembe ndi mafumu onse a m'mbali mwa nyanja ino, akuluakulu a zaumoyo ochokera ku Mangochi ndi ku Monkey Bay, madokotala ndi anamwino, alangizi a zaumoyo amene mumayenda khomo ndi khomo, atsogoleri a mipingo ndi a mizikiti, amayi ndi abambo nonse, ndakulonjerani. Zikomo pondipatsa ulemu woti ndiyankhule pa tsiku limene mwalipatula kuti tiunikane makosi. Nkhani yanga ndi ya njira yatsopano yochizira zotupa za chithokomiro popanda kung'amba khosi, imene achipatala amaitcha radiofrequency ablation. Ndikufuna kuti dziko lathu liikonzekere njirayi, ndipo ndikufuna kuti liikonzekere mwa dongosolo lake, pakuti singano yowotchayo imapindulitsa pokhapokha dokotala atadziwa kale kuti chotupa chimene akuwotcha n'chamtundu wanji.

Chithokomiro tonsefe tili nacho. Ndi kachiwalo kakang'ono ka kutsogolo kwa khosi, kokhala ndi mbali ziwiri, kumanja ndi kumanzere kwa njira ya mpweya. Kamatulutsa timadzi timene timalamula liwiro la thupi lonse: kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi, kugayika kwa chakudya, ngakhalenso kukula kwa ubongo wa mwana ali m'mimba. Kuti kagwire ntchitoyi kamafuna ayodini, ndipo ayodini akasowa kamakula pofunafuna. Zaka zikamapita, mkati mwake mumamera timibulu, tina tolimba, tina todzaza madzi. Amayi ndiwo amavutika kwambiri kuposa abambo. Nonsenu mukumudziwa mayi wina amene amakulunga mpango m'khosi ngakhale m'mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo, amene anasiya kuimba kwaya, amene usiku sagona chagada chifukwa mpweya umamuthera. Zambiri mwa zotupazi si khansa. Akatswiri amati pa timibulu 100 timene tapimidwa, pafupifupi 5 mpaka 15 ndi timene timapezeka kuti ndi khansa. Nambalayi ndi yotonthoza, koma ikutanthauzanso kuti pa amayi khumi amene angafole pano lero ndi chotupa, mmodzi angakhale ndi nthenda imene sitiyenera kuiphonya.

Kwa zaka zoposa zana, yankho la chotupa chachikulu lakhala opaleshoni, ndipo ine sindinabwere kudzainyoza. Mudzi uno uli ndi mbiri yake pa nkhani ya mpeni wa dokotala. Amishoni a Livingstonia anafika pano mu 1875, ndipo mu 1876 Dr Robert Laws anachita opaleshoni pompano atamugoneka wodwala ndi mankhwala a chloroform, chinthu chimene anthu a m'dera lino anali asanachionepo. Nthawi yomweyo ku Bern, m'dziko la Switzerland, Theodor Kocher ankawongola luso lochotsa chithokomiro mpaka imfa za pa opaleshoniyi zinatsika kufika pa munthu wosakwana mmodzi pa 100, ndipo mu 1909 analandira mphoto ya Nobel. Koma Kocher yemweyo anaona mu 1883 kuti anthu amene anawachotsa chithokomiro chonse ankafooka, kutupikana ndi kuzizira nzeru. Lero vutoli limapewedwa ndi mapiritsi a levothyroxine, amene munthu wochotsedwa chithokomiro chonse ayenera kumwa tsiku lililonse mpaka imfa yake. Taganizani tanthauzo la mawu amenewa kwa mayi wa kuno ku Chembe, amene ndalama yake imadalira usipa wa pathandala. Kuti opaleshoni itheke ayenera kudutsa ku Monkey Bay, ku Mangochi, mwina mpaka ku Zomba Central kapena ku Queens ku Blantyre, ali ndi womudikirira, atasiya ana ndi bizinesi. Akabwerako, moyo wake wamangiriridwa ku botolo la mapiritsi, ndi ku magazi oyeza kawirikawiri kuti adziwe ngati mlingo uli bwino.

Njira yowotchayi ikuyankha vuto lenilenili. Wodwala sagonekedwa tulo. Amamubaya mankhwala ochititsa dzanzi pakhosi, dokotala n'kuika makina a sikani pakhungu kuti aziona mkati. Kenako amalowetsa singano yopyapyala mpaka m'kati mwa chotupa. Kunsonga kwa singanoyo kumadutsa mphamvu ya magetsi yosinthasintha mofulumira kwambiri, imene imatenthetsa mnofu woizungulira kupitirira madigiri 60, ndipo mnofu wotenthedwa chotero umafa. Dokotala amasuntha nsongayo pang'onopang'ono, kachigawo ndi kachigawo, kwinaku akumuyankhulitsa wodwala kuti amve ngati mawu akusintha, poti mtsempha woyendetsa mawu umadutsa kumbuyo kwa chithokomiro. Ntchito yonse nthawi zambiri siipitirira ola limodzi, ndipo munthu amabwerera kwawo tsiku lomwelo. Chotupacho sichichoka pompo. Thupi limayamwa mnofu wakufawo kwa miyezi, ndipo pakatha chaka chotupa chimakhala chitafota ndi theka kapena kuposerapo, kawirikawiri kufika magawo asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu pa khumi. Chachikulu n'chakuti mbali yabwino ya chithokomiro imatsala ikugwira ntchito, moti anthu ambiri safunika mapiritsi a moyo wonse.

Izi si zoyesera. Madokotala a ku South Korea ndi ku Italy akhala akuigwiritsa ntchito kuyambira zaka zoyambirira za m'ma 2000. Mu 2012 Jung Hwan Baek ndi anzake anafalitsa zotsatira za odwala 1,459 a m'zipatala zosiyanasiyana za ku Korea, ndipo zovuta zazikulu zinapezeka mwa anthu osakwana awiri pa 100, chofala kwambiri chinali kusasa mawu kumene mwa ambiri kunatha pakapita nthawi. Bungwe la akatswiri a ku Korea linatulutsa malangizo ake mu 2012 ndi mu 2017, ndipo la ku Ulaya, European Thyroid Association, linatulutsa ake mu 2020.

Koma mvetsetsani chimene malangizowa amanena asananene za singano. Amati chotupa chiyambe chaonedwa pa sikani ndi munthu wodziwa kuwerenga zimene akuona. Amati atengeko timaselo ndi kajakisoni kakang'ono, n'kukatiunika pa makina oonera zinthu zing'onozing'ono, ndipo nthawi zambiri achite zimenezi kawiri kuti atsimikize kuti si khansa. Amatinso ayeze magazi kuti adziwe ngati chithokomiro chikugwira ntchito mopitirira kapena moperewera. Chifukwa chake n'chomveka. Pa opaleshoni, chotupa chimatuluka chonse n'kupita ku labu, ndipo ngati munabisala khansa imaululika. Pa kuwotcha, palibe chimene chimatuluka. Ngati wawotcha khansa poganiza kuti n'chotupa wamba, khosi liphwa, mayi akondwa, abale ayamika, koma nthendayo ikhoza kutsala m'mphepete n'kumayenda mwakachetechete kupita ku mwanabele. Mayi ameneyu tamulanda chizindikiro chokhacho chimene chikanamubweza kuchipatala. N'chifukwa chake ndikunena kuti chinthu choyamba kupempha si makina owotchera. Ndi sikani yogwira ntchito ku Monkey Bay ndi ku Mangochi, munthu wophunzitsidwa kuunika khosi, ndi njira yodalirika yoti timaselo totengedwa kuno tikafike kwa katswiri wa ku labu ku Blantyre, zotsatira n'kubwera m'masabata ochepa, mayi asanataye mtima.

Ena mwa inu mukudzifunsa kuti, dziko limene likulimbana ndi malungo, likodzo ndi imfa za amayi oyembekezera, lingaganize bwanji za luso la ku South Korea? Funsoli ndi lachilungamo, makamaka pano pamene likodzo limatuluka m'madzi omwe timasambamo. Yankho langa lili m'dziko mwathu momwemuno. Kuyambira mu 2013, chipatala cha Nkhoma, mogwirizana ndi akatswiri a ku Scotland, chinayamba kuchiza zizindikiro zoyambirira za khansa ya khomo la chiberekero pozitentha ndi kachipangizo kakang'ono, mayi n'kuunikidwa ndi kuchizidwa tsiku limodzi. Ntchitoyi inkachitidwa ndi anamwino ndi makiliniko ofesala ophunzitsidwa bwino, ndipo mu 2019 bungwe la World Health Organization linavomereza njira yotenthayi, zimene zinachitika ku Malawi zili mbali ya umboni wake. Khosi ndi lovuta kuposa pamenepo, chifukwa singano imayenda pafupi ndi mitsempha ikuluikulu ya magazi, choncho ntchitoyi iyenera kuyambira m'manja mwa akatswiri a m'zipatala zazikulu. Komabe phunziro lilipo: pamene mabedi a ku fiyeta ndi ochepa ndipo ogonetsa odwala ndi owerengeka, chithandizo chimene sichifuna bedi kapena kugoneka munthu chimapindulira dziko losauka kuposa lolemera. Mayi aliyense amene wathandizidwa ndi singano wasiyira malo ku fiyeta mnzake amene ali ndi khansa. Ndipo maziko a anthu alipo. Profesa Wakisa Mulwafu, Mmalawi woyamba kukhala katswiri wa opaleshoni ya makutu, mphuno ndi kukhosi, waphunzitsa makiliniko ofesala ntchito ya m'gawoli, ndipo sukulu ya Kamuzu University of Health Sciences ili ndi nthambi yake ku Mangochi konkuno.

Za mtengo sindibisa. Walira mvula walira matope. Makinawo ndi odula, singano yake imagwira munthu mmodzi n'kutayidwa, iyenera kuitanitsidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo imafuna magetsi osazimazima. Makina ogulidwa popanda ndondomeko ya singano ndi ya okonza angathe kukhala m'bokosi. Koma powerengera tisaiwale kuika pa sikelo masiku a bedi, magazi oikidwa, ulendo wa womudikirira, ndi mapiritsi a zaka makumi atatu. Palinso m'bale wake wa njirayi amene ndi wotchipa kwambiri. Chotupa chodzaza madzi amachipopa ndi jakisoni n'kuthiramo mankhwala a ethanol kuti chisadzazenso, ndipo malangizo a akatswiri amati pa zotupa zamadzi njira imeneyi ndiyo yoyamba. Chimene imafuna ndi sikani yomweija ndi dzanja lophunzitsidwa lomwelija. Tikakonza kuunika, takonza kale theka la ulendo.

Kwa inu amayi amene adokotala anakuuzani kale kuti mukufunika opaleshoni, chonde musamve mawu angawa ngati chilolezo chodikira. Chotupa chimene chakula mpaka kulowa kuseri kwa fupa la pachifuwa, chimene chili ndi mibulu yambirimbiri mbali zonse, chimene chikutsamwitsa, kapena chimene chakayikitsa pa kuyeza, malo ake ndi ku fiyeta. Kuwotcha kumathandiza bwino chotupa chimodzi chodziwika malire, ndipo ngakhale pamenepo china chimakulanso pakapita zaka n'kufuna kuwotchedwa kachiwiri. Ngati mawu asasa osabwerera, ngati chotupa chalimba n'kukula msanga, ngati pambali pa khosi patuluka mwanabele, pitani sabata ino. Ndikupemphanso a zitsamba, amene ambiri a ife timawalemekeza, kuti pakhosi asatemepo mphini kapena kuboolapo. Pamenepo pamadutsa magazi ambiri, ndipo miyezi imene imathera pa mphini ndi imene khansa imakhwimira.

Chotupa chabwino koposa kuchiza n'chimene sichinamere, ndipo apa ndi pamene aliyense wa ife ali ndi gawo. Ambiri kuno amaganiza kuti wodya nsomba tsiku ndi tsiku sangasowe ayodini. Nsomba zokhala ndi ayodini wochuluka ndi za m'nyanja zamchere. Chambo, utaka ndi usipa wathu ndi za m'madzi opanda mchere, ndipo ayodini wake ndi wochepa. Chinangwa chowawa chimene sichinavikidwe mokwanira chimasiya m'thupi zinthu zotchinga ayodini kulowa m'chithokomiro. Munthu wamkulu amafuna ma microgram 150 a ayodini pa tsiku, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa 250, ndipo dziko lino lili ndi lamulo la mu 1995 loti mchere uzikhala ndi ayodini. Switzerland, kumene zotupa za pakhosi zinali paliponse, inayamba kuthira ayodini mu mchere mu 1922 ndipo m'badwo wotsatira unakula ndi makosi osalala. Mchere wa m'paketi yolembedwa, wosungidwa m'chitini chotseka kutali ndi dzuwa ndi chinyezi, ndiwo tigule, osati wa pamulu wosadziwika kochokera.

Gogo Chalo, ndikupempha kuti mafumu anu alengeze pa misonkhano ndi pa maliro kuti chotupa cha pakhosi si ufiti ndipo si manyazi. Alangizi a zaumoyo, lembani m'kaundula mayi aliyense ndi bambo aliyense amene muwapeze ndi chotupa lero, ndi kukula kwake, kuti akuluakulu a ku boma akamakapempha sikani ndi maphunziro akhale ndi nambala zenizeni za dera la Nankumba m'manja. Inu a ku Mangochi, tiuzeni tisanabalalike tsiku limene amene atumizidwe lero akaonedwe, ndi amene adzawabweretsere zotsatira. Abambo, perekezani akazi anu pa mzerewu, ndipo nanunso mugwiridwe khosi. Ndi mawu amenewa ndikulengeza kuti ntchito younika yayamba.