Mtima Wopupuluma ndi Chikho Choyamba

Anthu awiri angamwe kachasu wa m'botolo limodzi, koma mowawo suwagwira mofanana. Wamtima wodekha amamva msanga kulemera kwa thupi ndi tulo, nanyamuka kunka kwawo. Koma wamtima wopupuluma, uja amachita chinthu asanaganize, kawirikawiri amamva chisangalalo ndi nyonga. Kulemera kuja, kumene kukadamchenjeza, amakumva pang'ono chabe. Tsono popeza mowa umafooketsa mbali ya ubongo imene imatithandiza kudziletsa, chikho chachiwiri chimaitana chachitatu, kufikira ndalama ya ufa itatha.

Tisamuweruze mbale wotere kuti ngoipa mtima. Timthandize kudzidziwa, pakuti nayenso angathe kusintha. Matt Talbot wa ku Dublin, m'dziko la Ireland, adayamba kumwa akali mnyamata wamng'ono. M'chaka cha 1884 adalonjeza pamaso pa wansembe kuleka mowa, poyamba miyezi itatu yokha, pambuyo pake moyo wonse, ndipo sadamwenso mpaka imfa yake mu 1925.

Ngati tidziwa kuti ndife opupuluma, tisadikire chikho chachitatu kuti tiganize. Tiganize tikali kunyumba, tisanalandire choyamba. Ambuye atipatse mtima wodziletsa. Amen.