Musabisirane Mantha



Iwe mdzukulu wanga, ndi inu amuna anga atsopano (musadabwe, wokwatira mdzukulu wakwatiranso agogo ake), tcherani khutu. Za kukhitchini ndi za kuchipinda alangizi anakuuzani kale, ine sindibwerezako. Ndikufuna ndinene za katundu amene mwalowa naye m'tchalitchi lero atabisala pansi pa velo ndi suti. Katunduyo ndi mantha.

Ngakhale mukumwetulira, alipo. Iwe mtima ukufunsa ngati kuchimuna akakulandire bwino, ngati pathupi padzabwere msanga. Inu bambo mukuwerengera lendi, mukuganiza za tsiku limene abwana angakupatseni kalata. Sindikunamizani kuti zoopsa kulibe. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anakokolola nyumba ku Chilobwe ndi m'midzi ya ku Mulanje ndi Phalombe, opemphera ndi osapemphera omwe. Pofika Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, malipiro ali omwe aja. Chakudza sichiimba ng'oma. Kuopa n'kwa munthu aliyense, koma chimene chimapasula banja ndi zimene munthu amachita mobisa akagwidwa ndi mantha.

Mukatsegule Genesis mutu 12 mukafika kunyumba. Mulungu anali atangolonjeza kumene Abrahamu kuti adzakhala mtundu waukulu. Kutagwa njala, anatsikira ku Igupto. Ali pafupi kulowa, anayang'ana kukongola kwa mkazi wake, mtima n'kugunda: anthu awa andipha kuti amutenge. Ndiye anamupangira Sara kuti azinena kuti ndi mlongo wake. Sara anatengedwa kupita kunyumba ya Farao, mwamuna wake ali panja kulandira nkhosa, ng'ombe ndi ngamira. Taganizani, amayi! Amene anamutulutsa Sara m'menemo ndi Mulungu, mwamuna ali chete. Ndipo Abrahamu sanaphunzirepo. Pa mutu 20 anabwerezanso bodza lomwelo ku Gerari, kwa mfumu Abimeleki. Pa mutu 26 mwana wake Isaki anachita zomwezo ndi Rebeka, ku Gerari komweko. Mantha amasiyirana m'banja ngati chuma cha masiye. Abrahamu timamutcha tate wa chikhulupiriro, koma tsiku limene anaiwala lonjezo, woyamba kulipira anali mkazi wake.

Lero kulibe Farao, koma zochitika n'zomwezo. Ntchito yatha, bambo akupitiriza kumanga tayi m'mawa uliwonse, kukatandala m'tauni, madzulo kubwera ndi buledi wa katapila. Mayi watenga ngongole ku banki m'khonde mwamuna osadziwa, chinsinsi n'kudzaululika tsiku limene amayi anzake afika kudzanyamula mbale ndi mipando. Wina poopa kusiyidwa akupita kwa sing'anga kukafuna kondaine. Lamulungu ali kutsogolo ndi yunifolomu yoyera mbee, m'chiuno muli chithumwa. Ndawaona anthu otere, ndipo ambiri sanali oipa mtima. Anali amantha basi, ndipo mantha awo anasowa wowauza.

Kukhulupirira Mulungu m'banja kumayambira pakamwa. Ukadziwa kuti moyo wako uli m'manja mwake, osati m'manja mwa abwana kapena a apongozi, umapeza mphamvu yonena kwa mnzako kuti: “Zinthu zavuta, ndipo ndikuopa.” Mukatero mwagwada awiri, mwamuuza Mwini. Sindikunena pemphero lothamanga la pa nsima lija. Ndikunena kutchula chinthucho ndi dzina lake: ngongole yakuti, matenda akuti, mlamu wakuti amene akutisowetsa mtendere.

Iwe mdzukulu wanga, ukawerenge za Hana pa 1 Samueli mutu woyamba. Analibe mwana, ndipo mkazi mnzake Penina ankamutonza chaka ndi chaka mpaka chakudya kumukanika. Anapita ku Silo, nakhuthula zonse pamaso pa Mulungu, milomo ikungogwedera, mpaka wansembe Eli anamuyesa woledzera. Pamene pamandigwira mtima ine ndi apa: atachoka pamenepo anakadya, nkhope n'kuwala, pathupi pasanabwere n'komwe. Samueli anadza pambuyo. Mtendere unatsogola chifukwa katundu anali atamutula.

Tsono mwana akachedwa, achibale musayambe kuwerenga miyezi ndi kuloza mkazi chala. Vuto limatha kukhala kwa mwamunanso, ndipo kuchipatala muzipita nonse awiri. Pemphero ndi chipatala sizilimbana. Ife a msinkhu uno tinaika anthu ambiri omwalira ndi Edzi m'zaka za m'ma 1990. Mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa ulere mu 2004, enanso anapitabe kumanda chifukwa choopa kukayezetsa ndi kuopa kuuza akazi awo. Ndipo akadzabwera mneneri wokuuzani kuti tayani mankhwala, kapena woti amayi anu okubalani ndiwo akukulodzani, bola mupereke kaye ndalama, mum'perekeze mpaka pachipata. Iyeyo amadyera mantha anu.

Pali mantha ena amene sindifuna kudzawamva m'nyumba mwanu, oti wina aziopa mnzake. Amuna anga, mkazi akamva mapazi anu pakhomo azisangalala, osati kuyamba kubisa ana kuchipinda. Ulemu wochokera m'mantha si ulemu. Iwenso mdzukulu wanga, lilime limamenya. Mwamuna asamazungulire m'misewu mpaka usiku poopa pakamwa pako. Timakonda kunena kuti banja ndi kupirira, ndipo ndi zoona pa umphawi ndi pa matenda. Pa chibakera ayi. Mpingo sunakudalitseni kuti muzivulazana, ndipo dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira 2006.

Ankhoswe, imirirani akuoneni. Ntchito yanu sinathere pa chinkhoswe paja. Ana awa akabwera kwa inu usiku, muwatsegulire, muwamvere, ndipo zimene akuuzani zisakafike pachitsime. Akadziwa kuti mumasunga chinsinsi adzabwera nkhani ikadali yaing'ono.

Inu awiri, sabata ino isanathe, alendo akabalalika, envulopu zonse mutawerenga, mukhale pansi. Aliyense atchule chimodzi chimene akuopa, mnzake osaseka, osadula mawu. Ngati pali ngongole ya ukwati uno imene wina sakuidziwa, iyambe kutuluka ndi imeneyo. Mukatha mupemphere, ngakhale mawu atakhala ochepa.

Ndalankhula mokwanira, mawondo ayamba kudandaula. A MC, yambitsani perekaniperekani, koma muike nyimbo yoti nkhalamba n'kuvinako; zanga ndamanga kale pansonga ya chitenje.