Chizindikiro cha HER2 pa Khansa ya Chifu

Anthu awiri odwala khansa ya chifu angathe kugona m'chipatala chimodzi, dotolo nkuwapatsa mankhwala osiyana. Si tsankho ayi.

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizigawo totchedwa maselo. Pamwamba pa maselo ena pali kanthu kotchedwa HER2, kamene kamauza selo kuti likule ndi kuswana. Mwa odwala nthendayi asanu, pafupifupi mmodzi ali ndi chotupa chodzala HER2 wochuluka koposa. Zimenezi sizioneka ndi maso. Dotolo amalowetsa kachubu kudzera pakamwa, natapako kanyama ka chotupacho, nakapaka utoto, nakapima pa makina okuza zinthu.

HER2 akapezeka wochuluka, mankhwala otchedwa trastuzumab amamutseka. Kafukufuku wa ToGA, wofalitsidwa m'chaka cha 2010, anapima anthu amene nthenda inali itawakulira. Theka la olandira trastuzumab pamodzi ndi mankhwala ena a khansa linapyola miyezi 13.8 lili moyo. Kwa olandira mankhwala enawo okha inali miyezi 11.1. Kusiyanaku nkochepa ndithu, koma amene anadwazikapo adziwa mtengo wa miyezi itatu.

Wopanda chizindikirochi sapatsidwa trastuzumab, pakuti sangamuthandize; komanso ndi wodula ndiponso nthawi zina amafooketsa mtima.