Mboni Zisanu za Rolf Nevanlinna

Pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, pamene Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana kudzalambira Kalonga Gawa Undi, anthu awiri angakambe za mbale wina, osadziwa ngati akunena munthu mmodzi yemweyo. Afunsana mfunda wace, mudzi wace, dzina la amace. Koma a Phiri ngambiri, ndipo palibe mkulu anganene kuti mafunso angati akwanira. M'masamu funso lotere linayankhidwa kale, ndipo yankho lace ndi 5.

Analiyankha ndiye Rolf Nevanlinna wa ku Finland, mphunzitsi wa pa Yunivesite ya Helsinki, amene anabadwa m'1895 namwalira m'1980. Iye anali kufufuza malamulo a masamu ochedwa meromorphic functions. Lamulo lotere liri ngati cigayo: munthu athiramo nambala, ndipo muturuka nambala yina. Nambala zace sizindanda pa mzere umodzi monga mitengo ya m'sitolo, koma zayala ponseponse ngati dambo lopanda malire, iri yonse pa malo ace. Lamulolo liyenda mosalala, kupatula pa malo ena apatali-patali pamene yankho likula kosalekeza; ndipo "kosalekeza" kumeneko akatswiri akuwerenga ngati nambala.

Tsono malamulo awiri afunsidwa: "Pa malo ati yankho lako likhala 1?" Akachula malo amodzimodzi, popanda kusiyana ngakhale pamodzi, anenedwa kuti agawana nambala 1. M'1926 Nevanlinna anatsimikiza kuti malamulo awiri akagawana nambala zisanu zosiyana, ali lamulo limodzi la maina awiri. Malamulo aulesi, obweza yankho limodzi nthawi zonse, sawerengedwa.

Nanga zinai sizikwanira? Iai, ndipo apa mpamene pali cokoma. Pali lamulo lochuka lolembedwa e^z, ndi mnzace e^(-z), amene yankho lace lipezeka pogawa 1 ndi yankho la loyambalo. Pamene loyamba linena 1, mnzace anenanso 1. Pamene linena -1, nayenso -1. Pa 0 ndi pa "kosalekeza" onse awiri akhala cete, pakuti safikapo konse. Mboni zinai zabvomerezana ndithu. Koma pa malo pamene loyamba linena 2, mnzace anena theka! Woweruza wofulumira akadanyengeka.

Cifukwa cace ca 5 cinayamba kuoneka m'1879, pamene Émile Picard wa ku France anasonyeza kuti lamulo lotere silingathe kuzemba nambala zoposa ziwiri. Nevanlinna anapitirira pamenepo: m'1925 anapeza muyeso wa makulidwe a lamulo, nawerenga nawo malo ace. Malamulo awiri osiyana ali ndi malire a malo amene angabvomerezane, molingana ndi makulidwe ao. Malo a nambala zinai angalowe m'malirewo, nthawi zina mothinana. Malo a nambala zisanu asefukira.