Amisiri a ku Liwaladzi Akhale ndi Bwalo Lawolawo



Pa tsiku ngati lalero maso amakhala pa ovina ndi oimba ng'oma. Ndi ochepa amene amafunsa kuti ng'omayo anasema ndani, mkeka umene ayalira mafumu analuka ndani, kapena zovala za amayi oimba anasoka ndani. Mawu ano akunena za anthu amenewo.

Mmisiri weniweni amachiona chinthu chisanakhalepo. Wosema bwato akaima patsinde pa mbawa amakhala ataona kale pamene padzakhale mutu wa bwatolo, kuzama kwa mimba yake, ndi makulidwe amene angapirire mafunde a mwera. Sompho imangotsatira zimene maso atha kale. Mayi woumba mtsuko amadziwa khosi loti madzi asakhavukire wosenza. Woluka mono amadziwa pakamwa poti nsomba ilowe koma isatuluke. Achinyamata amene amakonza zikwangwani za masitolo, makadi a ukwati ndi zolemba za pamalaya, pa foni kapena pa kompyuta, ntchito yawo amaitchula kuti dizaini. Dzina ndi lachilendo, koma ntchito ndi yomweyo ya agogo awo: kulingalira maonekedwe a chinthu kuti chigwire ntchito, chikongolenso.

Chodandaulitsa n'chakuti anthu amenewa sadziwana. Telala wa pamsika wa Liwaladzi sanakhalepo pansi ndi woumba mbiya wa kumudzi. Mnyamata wa kompyuta amafunafuna zithunzi zakunja pa intaneti pamene mizere ya pamphika wa agogo ake sanaiyang'anitsitsepo. Pakadali pano mitengo ikuluikulu yosemera mabwato ikusowa, zidebe zapulasitiki zalanda malo a mitsuko, ndipo nkhalamba ikatsikira kulichete, luso lake limakwiriridwa nayo limodzi.

Gombe la Nkhotakota si lachilendo pa nkhani za umisiri. M'zaka za m'ma 1840, Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, atakhazikika kuno, panyanja panayamba kuyenda zombo zamatanga zokhomedwa mwaluso. Koma zombozo zinkaolotsa minyanga ndi akapolo, ndipo mbiri imeneyi siyenera kubisidwa: luso likakhala m'manja mwa munthu mmodzi wamphamvu, limatha kusanduka goli. Chitsanzo china chili ku Mua, m'boma la Dedza, kumene Bambo Claude Boucher, amene anapatsidwa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a Kungoni mu 1976. Kumeneko osema a m'midzi yozungulira anayamba kuphunzitsana ndi kugwirira ntchito pamodzi, mpaka ziboliboli za ku Mua zinadziwika kunja kwa Malawi. Kummwera kwa boma la Nkhotakota kulinso Nkhotakota Pottery, kumene dongo limaotchedwa m'ng'anjo. Liwaladzi sayenera kukopera malo amenewa, koma akusonyeza kuti amisiri akasonkhana, ntchito yawo imakwera mtengo.

Chimene chikufunika kuno ndi bwalo la amisiri loyendetsedwa ndi eni ake, modzipereka, popanda malipiro. Makolo ankadziwa kale njira yake. Pa dima, mudzi wonse unkalima munda wa mmodzi lero, wa wina mawa, ndipo panalibe kaundula wa alawansi. Liwu loti thangata nalonso poyamba linkatanthauza kuthandizana, mpaka eni minda a nthawi ya atsamunda analisandutsa ntchito yokakamiza, imene inali chimodzi mwa zifukwa zimene John Chilembwe anaukira mu 1915. Phunziro lake lilipobe: ntchito yodzipereka ikayamba kupindulira anthu awiri atatu okha, yasanduka thangata wachiwiri uja.

Magulu ambiri a m'midzi amafa imfa imodzimodzi. Amabadwa tsiku limene kwabwera galimoto ya bungwe, amadya mpunga ndi nyama pamaphunziro, ndipo galimotoyo ikasiya kubwera nawonso amabalalika. Ena amafera m'thumba la msungichuma. Choncho bwalo la amisiri liyambe ndi zimene lili nazo: mthunzi wa mtengo, mphasa ziwiri, ndi buku limodzi la ndalama lowerengedwa mokweza pamsonkhano uliwonse, monga achitira amayi a banki mkhonde. Mipando ya utsogoleri izisinthana, pakuti wapampando wosachoka amayamba kuliyesa gululo munda wake. Ndipo wodzipereka naye amatopa. Ntchito izigawidwa pang'onopang'ono kuti mayi amene ali ndi mpunga kudambo asasenze gulu lonse pamutu.

Kunena kuti khomo ndi lotsegula kwa aliyense n'kosavuta. Kulitseguladi kumaoneka pa zinthu zing'onozing'ono. Msonkhano ukaikidwa Lachisanu masana, Asilamu atsala. Ukaikidwa Loweruka kapena Lamulungu mmawa, Akhristu ena atsala. Ukaikidwa mbandakucha, asodzi amene achezera usipa usiku wonse ali m'tulo, pamene amayi ali pagombe kugula nsomba zokayanika. Malo akakhala okwera masitepe, woyenda pa njinga ya olumala wabwezedwa popanda womuuza kuti abwerere. Akakhala padzuwa, mmisiri wachialubino sakhalitsa. Wolankhula Chitonga kapena Chiyao aloledwe kufotokoza luso lake m'chinenero chimene analiphunzirira, wina amasulire. Wosamva akhale kutsogolo, poti aziona manja. Ntchito zambiri za umisiri zimaphunzitsidwa ndi manja kuposa pakamwa.

Palinso nkhani ya amuna ndi akazi. Mwambo unagawa ntchito: kuumba kwa amayi, kusema kwa abambo. Bwaloli lisathamangire kugwetsa malire amene eni mwambo akuwasunga, ndipo za kudambwe ndi za kutsimba zili ndi eni ake, sizibwera pabwalo la aliyense. Koma mtsikana akafuna kugwira sompho kapena kukhoma boti la matabwa, funso likhale lakuti dzanja lake likuwongoka kapena ayi.

Chovuta kwambiri chidzakhala umwini. Mnyamata akajambula mizere ya pamtsuko wa gogo wina, n'kuisindikiza pamalaya okagulitsa ku Dwangwa kapena ku Lilongwe, gogoyo apezapo chiyani? Dziko lili ndi lamulo loteteza ntchito za aluso la 2016, ndipo bungwe la COSOMA lilipo, koma gogo wa ku Liwaladzi sadzakwera basi kukadandaula kumzinda. Chomuteteza chenicheni ndi pangano la pabwalo, lomvana pamaso pa amfumu: wotenga luso la mnzake apemphe, atchule dzina la mwini wake, ndipo pa phindu pakhale gawo lake. Mnyamatayo naye ali ndi chopereka, chifukwa ndiye amene angajambule mitsukoyo bwino, kuitumiza pa WhatsApp kwa ogula, ndi kuphunzitsa gogoyo kulandira ndalama pa foni.

Mwambo ukatha madzulo ano, mafumu akupemphedwa kuti aitanitse mayina a osema, oumba, oluka, osoka ndi olemba zikwangwani a m'midzi yawo, kuyambira ndi okalamba kwambiri.